Zimene Anadula mu Filimu ya Tamala

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Chifuwa chija chinakusiyani? Ine ndimakhulupirira kuti chinatsala kuno pamodzi ndi mkeka wanu, poti abusa ananena pa maliro anu kuti kumene mwapitako kulibe kutsokomola.

Ife kuno ku Chamama tilipo. Mvula ya chaka chino inachedwa, ndipo itabwera inagwa ngati yapsa mtima. Chimanga cha kudambo chinamira, koma cha kumtunda chatipatsa nkhokwe yooneka ndithu. Fodya talima wochepa chifukwa bambo a Madalitso msana ukuwavuta, kuwerama panazale sakutha ngati kale. Chigafa chimene munkakhala mumthunzi mwake mukusoka fodya chinadyedwa ndi chiswe, chinagwa chokha tsiku lina kopanda ndi mphepo yomwe. Tamanga china, koma mikangala yopachikira fodya tinachita kubwereka. Mkazi wa Madalitso anachira bwino, kunabadwa mwana wamkazi wa mphuno yanu yeniyeni. Akalira amakwinya nkhope monga munkachitira inu mukamva kuti mchere wachepa mu ndiwo. Mbuzi yanu yamawangamawanga ija inaswa awiri, mmodzi anagwidwa ndi galu wa kwa aneba, ndipo nkhani yake sitinaithe mpaka lero.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikuuzeni si mbuzi. Ndili ndi mkwiyo umene ukundilepheretsa kudya bwino, ndipo wina woti ndimuuze n'kundimvetsa palibe koma inu.

Mukukumbukira buku la achimwene a Yohane. Simunaliwerenge poti sukulu simunapiteko, koma munalidziwa kuposa amene analiwerenga, chifukwa munali moyo wanu. Mukukumbukira mmene linatulukira, n'kungokhala m'masitolo kanthawi kochepa, kenaka n'kuchotsedwa. Achimwene anawachotsa ntchito yauphunzitsi, ndipo anthu ovala majekete ankabwera kudzafunsa kuti amene anawatuma kunyoza fodya wa dziko lino ndani. Inu munawayankha muli pamtondo kuti mwana satumidwa kulira mlongo wake. Zaka zapita, nthawi zasintha, bukulo analisindikizanso, ndipo tsopano alipanga filimu. Ndi filimu imeneyi imene yandiutsa mtima.

Amene anaipanga ndi mtsikana wa ku Mzimba, dzina lake Wezi. Anabwera pakhomo pano maliro anu atapita, atavala nsapato za amuna, akulankhula Chichewa chokhotera ku Chitumbuka. Achimwene ndi amene anamulozera kwa ine. Anamuuza kuti iwo analemba zimene anamva, koma amene anakwera nanu basi ija ndine. Poyamba ndinamukanira. Anabweranso kachiwiri, n'kukhala nane pansi kumanga mapindi a fodya mpaka manja ake anada ndi phula, osatchula za filimu ngakhale pang'ono. Pamenepo ndinaona kuti mwanayu analeredwa, ndipo ndinamuuza zonse.

Ndinamuuza mmene tinachokera kwathu ku Dedza pa lole, kubwera ku esiteti ya ku Simlemba kudzakhala matenanti. Ndinamuuza za bwana uja tinkamutcha Chipewa, chifukwa sankavula chipewa ngakhale polankhula ndi nkhalamba. Ndinamuuza za Tamala, khanda lathu, mmene anatenthera thupi m'nyengo yosankha fodya, n'kutisiya m'mawa dzuwa litangotuluka. Matenanti tinalibe manda. Kuti tiike mwana kumanda a mudzi woyandikana, pankafunika bwana akatipemphere malo, ndipo Chipewa anakana, akuti esiteti yake si yobzala anthu. Abambo anapempha lole kuti itiperekeze ku Dedza, iye anati lole ikunyamula mabelo kupita ku okushoni. Anawonjezera kuti abambo akachoka pa ntchito nyengo imeneyo, asadzabwererenso, ndipo fodya yense wa chaka chimenecho aiwale. Abambo anatsala, akulira m'chigafa. Inu munamusambitsa Tamala, munamuveka diresi lake, munamubereka kumbuyo ngati wamoyo, n'kundigwira dzanja, tinayenda mpaka kumsewu.

Ndinamuuzanso Wezi za mubasi. Kondakitala akanadziwa akanatitsitsa panjira. Mayi wina amene anakhala pafupi nanu anaseka n'kunena kuti mwanayu ndi wa tulo bwanji, chiyambire ku Kasungu sanalireko. Inu munangoti, “Watopa.” Kenaka mayiyo anagwira kaphazi ka Tamala kuti amusewereze. Anasiya kuseka. Anavula chitenje chake chapamwamba, anakufunditsani kumsana, n'kusendera kukhala pakati pa inu ndi kondakitala mpaka tinatsika. Dzina lake sitinalidziwe, ndipo munkamupempherera mpaka ukalamba wanu.

Wezi analemba zonsezi m'mapepala ake a filimu. Koma kuti ayambe kujambula, mapepalawo anayenera kupita ku ofesi ina mumzinda, kumene kumakhala anthu opereka chilolezo. Amayi, mapepala anabwerako ofiira ngati akhetsa magazi. Anati ana asaoneke akugwira ntchito m'chigafa, chifukwa ogula fodya akunja akaona adzaleka kugula. Ine amene ndinayamba kusoka fodya mano a mkaka asanathe kuguluka, akuti ndisaoneke. Anati mawu oti tenanti achotsedwe, azinena kuti mlimi mnzathu. Chipewa anali mlimi mnzathu liti, munthu amene sanagwirepo khasu? Anati mtembo wa mwana usaoneke, ndipo pasapezeke munthu wonena kuti mwana wamwalira, chifukwa kubereka maliro kumbuyo si mwambo wathu. Kodi ife tinkachita mwambo? Ndani amasankha zotere? Mwambo umene iwo akuuteteza unali kuti tsiku limene munthu anakana kutipemphera dzenje limodzi?

Chachikulu n'chakuti anati bwana asakane. Anati filimuyo idzadanitsa anthu ndi eni maesiteti, ndipo dziko likufuna mtendere. M'malo mwake analamula kuti paikidwe gawo loonetsa bwana akumva kuti mwana wa wantchito wake wadwala, akuvula chipewa, akupereka ya basi, n'kunena kuti pitani naye kuchipatala chachikulu, Mulungu akutsogolereni. Akuvula chipewa, Amayi. Nditamva zimenezi ndinadzuka pamkeka n'kupita kuseri kwa nyumba, chifukwa sindinafune kuti mlendo andione nkhope.

Pambuyo pake tinamva kuti mwana wa Chipewa, amene tsopano ndi munthu wamkulu wa magalimoto ambiri, amadyera limodzi ndi ena a ku ofesi imeneyo. Iye yemweyo ndi amene anapereka zigafa za esiteti ija kuti ajambuliremo, popeza eni maesiteti ena onse anakana. Munkanena inu kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Uyu anakhala pamkhate penipeni, akutiyang'ana.

Ndinakwera minibasi kupita kwa achimwene ku Kasungu boma. Ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo itatupa ndi matenda a shuga, maso akuona mwa chimbuuzi. Ndinawauza kuti akane, buku ndi lawo, popanda dzanja lawo filimu singapangidwe. Ndinawakumbutsa kuti anataya ntchito chifukwa cha tsamba lomwelo limene tsopano akulola kuti ling'ambidwe. Anandimvetsera mpaka ndinatopa. Kenaka anati akalamba, akufuna aone nkhope yanu pa chinsalu asanatseke maso, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndinawayankha kuti fodya amene ali pamphuno pawoyo ndi wosakaniza ndi dothi. Tinasiyana osatsanzikana bwino. Ndinabwerera osamwa tiyi amene alamu anga anandiphikira, ndipo miyezi ingapo sitinalankhulane. Mukanakhalapo mukanatikhazika pansi tonse awiri, ndikudziwa.

Wezi yekha sanagonje chigonjere. Anabwera kudzandipempha kuti ndithandize mayi amene ankasewera ngati inu. Ndinati sindingathandize bodza. Iye anati gawo la bwana alijambula monga alamulira, apo ayi filimu yonse ifera m'kabati, koma gawo la mubasi alijambula monga ndinamuuzira, ndipo mulibe mawu amene iwo analetsa. Anati aletsa pakamwa, koma sanaletse maso. Ndinaganiza masiku angapo, kenaka ndinapita.

Anapeza basi yakale ya mipando yolimba, anaiimika panjira ya fumbi ya ku Chisemphere. Mayi wosewerayo ndi wa mumzinda, wa manja osalala, koma ndi womvera. Poyamba ankabereka chidole choimira Tamala ngati mwana wogona, akumachigwedeza ndi kuchisisita. Ndinamuuza kuti ayi, inu simunagwedeze. Munamanga chitenje molimba kuposa masiku onse kuti mutu usagwere chammbali, ndipo munakhala chiwongokere osatsamira mpando ulendo wonse, poopa kumupsinja ngakhale munkadziwa kuti sangamvenso kupweteka. Ndinamumanga ndekha chitenjecho ndi manja angawa. Atakhala pampando n'kuyang'ana pawindo, ndinakuonani inu. Wezi atanena kuti ayambe, ine ndinatsika m'basimo n'kukakhala pansi pa mtengo wa muwanga mpaka anamaliza.

Filimu itatha, inabwereranso ku ofesi ija kuti akaione. Wezi anandisimbira kuti anakhala m'chipinda, anthu a matayi ndi mayi mmodzi, akuonera mapepala ali m'manja. Gawo la bwana wovula chipewa anagwedeza mitu mokondwa. Pa gawo la mubasi mmodzi anafunsa ngati mwanayo akugona. Wezi anayankha kuti amayi ake anena okha kuti watopa. Anayang'ana m'mapepala mwawo, sanapeze mawu oletsedwa, anadinda chidindo. Akuti mayi uja anatuluka akupukuta m'maso, komabe anasaina pamodzi ndi anzake. Misozi yotere ine sindiiwerengera. Analira, koma chipewa chija anachisiya chovulidwa.

Kuno filimuyo anabwera nayo Loweruka lina masana, mu holo ya ku tchalitchi. Mazenera anatseka ndi ziguduli za mabelo kuti mukhale mdima, ndipo fungo la fodya linadzadza m'holomo. Anthu anabwera ochokera ku Simlemba konse, ena pa njinga, ena pansi, matenanti a masiku ano ndi akale omwe. Achimwene anawabweretsa pa galimoto n'kuwakhazika kutsogolo. Pafupi nawo anakhala mwana wa Chipewa, mlendo wolemekezeka. Filimu isanayambe anapatsidwa mpata wolankhula. Anati bambo ake anali tate wa antchito awo, ndipo akunyadira kuti esiteti yawo yathandiza kusunga mbiri ya dziko. Anthu anawomba m'manja monga timachitira munthu wa galimoto akalankhula.

Ndinakhala kumbuyo ndi amayi a chigwirizano. Pofika pa bwana wovula chipewa, ndinaluma chitenje. Nkhalamba ina imene inakhala patsogolo panga inatsonya mokweza, ena anaseka pang'ono, koma zinapitirira. Kenaka inafika basi. Mayi wa mufilimu atagwira kaphazi n'kusiya kuseka, ndinamva mpweya wa anthu ukukokedwa nthawi imodzi. Palibe amene anawauza kanthu. Atavula chitenje n'kukufunditsani, mayi wina pakona anayamba kulira ngati mmene timalirira pa siwa, wina anamulandira, posakhalitsa holo yonse ya kumbali ya amayi inali pa maliro. Tamala sanaliridwe chonchi ku Dedza, poti tinafika awiri okha, anthu asanamve uthenga. Analiridwa tsiku limenelo ku Chamama, ndi anthu amene sanamuonepo. Filimu imathera pamene mukutsika basi n'kulowa m'kanjira ka kumudzi. Manda saoneka.

Atachotsa ziguduli pamazenera, woyendetsa mwambo anayamba kuthokoza mlendo wolemekezeka chifukwa cha mtima wabwino wa banja lawo, umene tonse tauona ndi maso. Pamenepo ndi pamene miyendo yanga inandiimiritsa. Munandilera kuti mkazi salankhula pagulu asanapatsidwe mpata, ndipo mpata sindinapatsidwe. Ndinati: “Ine ndine mwana uja munamuona atagwira chitenje cha amayi ake. Mng'ono wanga sanapite kuchipatala. Anali atamwalira kale, ndipo bwana anakana manda, anakana lole, chipewa sanavule. Ya basi inali ya nkhuku imene amayi anagulitsa panjira.”

Woyendetsa mwambo anati mayi khalani pansi, ino si nthawi yake. Ndisanakhale, nkhalamba yotsonya ija inaimirira ndi ndodo yake, n'kunena kuti mwana wake anali mnyamata, dzina lake Lazaro, anamukwirira m'mphepete mwa mtsinje mobisa. Mayi wina wa ku Phalombe anaimirira n'kutchula wake. Wina anatchula awiri. Sankafuula, ankangoimirira, kutchula dzina ndi esiteti, n'kukhala pansi. Mwana wa Chipewa anayang'ana foni yake, ananong'oneza mnzake, n'kutuluka pa khomo la m'mbali. Palibe amene anamutchinga kapena kumutukwana. Galimoto yake inangomveka ikulira panja.

Achimwene sanaimirire, miyendo siwalola. Anthu atayamba kutuluka anatuma munthu kuti andiitane. Ndinapita ndikuyembekeza kuti andikalipira chifukwa chowachititsa manyazi pamaso pa alendo. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenaka anati za nkhuku sankazidziwa, bwanji sindinawauze kale. Ndinati sanandifunse. Tinaseka pang'ono, tonse misozi ili m'masaya. Tsopano tikulankhulana, ngakhale pa nkhani ya kusaina kuja sindinawakhululukire kwenikweni, ndipo iwo akudziwa.

Sabata yotsatira kunabwera uthenga kwa abusa kuti holo ya mpingo isamagwiritsidwe ntchito pa zosokoneza. Wezi anaitanidwa ku ofesi ija kukafunsidwa ngati anandikonzekeretsa. Anawauza kuti chilolezo chawo chinali cha filimu, osati cha pakamwa pa oonera. Akuti ntchito yake ina imene anapempha chilolezo yangokhala pa tebulo osayankhidwa. Mwana wa eni ake akuvutika chifukwa cha ife.

Ndiye filimu yatchuka, Amayi. Ikuonetsedwa m'mavidiyo sho a pa msika, achinyamata ali nayo m'mafoni, m'masukulu akuionetsa, pa wailesi akuti ndi filimu imene sidzakalamba, ana a ana athu adzaioneranso. Anthu amandiimitsa panjira kundiyamikira. Ngati sidzakalamba, ndiye kuti bodza lili m'katimo silidzakalambanso. Buku limawerengedwa ndi ochepa, ndipo ife amene tinaona tikutha mmodzimmodzi. Filimu idzatsala. Anthu adzalira pa gawo la basi, koma sadzadziwa chimene chinakukwezani basiyo. Adzati ndi matenda, adzati ndi umphawi, adzati ndi chifuniro cha Mulungu. Munthu amene anakana adzakhala akuvula chipewa chaka ndi chaka, pamaso pa ana amene sanamudziwe.

Izi si zongoganizira. Dzana mdzukulu wanga Pemphero uja munamusiya akukwawa, mwana wa Grace wanga, anabwera kuchokera kusukulu ataionera filimuyo ndi anzake. Anakhala pafupi nane ndikusenda mtedza, n'kundifunsa kuti, “Agogo, bwana uja anali wachifundo eti? Bwanji sanakupatseni galimoto yake, kapena inali itawonongeka?” Mwana wa magazi anu, akufunira Chipewa chifukwa chomukhululukira. Ndinaika lichero pansi. Ndinamuuza zonse kuyambira pa lole ya ku Dedza, osadula kanthu, osafewetsa. Amayi ake anati ndi wamng'ono, ndimulotetsa zoopsa. Ndinati ine ndinali wamng'ono kuposa iyeyu pamene ndinakwera basi ija.

Munkakonda kunena kuti chilonda chofunditsa nsalu yoyera sichipola, chimangodikira kununkha. Anthu a ku ofesi aja anafunditsa nsalu yoyera, ndipo akuitcha mtendere. Sindikudziwa ngati amagona bwino. Mwina amagona, poti sanabereke mwana wozizira kumsana. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti sanakane kuti zinachitika. Palibe mmodzi amene anati bukuli ndi labodza. Anangoti zisaoneke. Kale anatikaniza malo oika mwana, tsopano atikaniza malo onenera kuti tinakanizidwa.

Ndamva kuti mwezi wa mawa aionetsa ku sukulu ya ku Simlemba, pafupi ndi esiteti yomwe ija. Bambo a Madalitso akuti ndisapite, ndakula, ndipo anthu a magalimoto saiwala. Nkhalamba ya ndodo ija, a Nasoni, atumiza mawu kuti iwo apita, ndipo mayi wa ku Phalombe uja nayenso apita. Ine ndachapa kale chitenje changa.

Mumupatse moni Tamala. Sindikudziwa ngati kumeneko ana amakula, kapena mukadali kumubereka. Ngati mukumubereka, tsamirani mpando tsopano, Amayi, mupumule. Abambo muwauze kuti sitinawaimbe mlandu chifukwa chotsala m'chigafa, ndipo m'holo muja panalibe amene anawaimba mlandu.

Ndikulonjezani ichi. Kulikonse kumene miyendo yanga ingafike, filimuyi ikatha n'kutsegula mazenera, ndidzaimirira n'kunena zimene anadulazo, kaya andipatsa mpata kaya sandipatsa. Miyendo ikadzakana, ndidzatuma Pemphero, poti tsopano akuzidziwa.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene ndimakusowani tsiku lililonse,
Esinala